Miyendo ya Bwana Chisoti

Panali munthu wina, m'masiku amene azungu anali atangoyamba kulamula dziko lino, dzina lake Dzimbiri. Munthuyu anali ndi nthenda imodzi yokha, nthenda yofuna kudziwa. Akaona una, mkono pisu. Akaona nyerere zandondozana, ankazitsata mpaka kwawo, kuiwala kuti amutuma kukapala moto. Amati tsiku lobadwa iyeyu sanalire ayi. Anangoyang'ana azamba m'maso n'kufunsa kuti, "Pepani mayi, kuno ndiye kuti?"

Chaka chimenecho anali atangolowa chikamwini kwa mkazi wake, Nagama. Nagamayo anali ndi pakati potopa, woti khasu likagwa pansi ankalitola ndi zala za kumwendo. Munda wawo unali wolimidwa theka. Mbewu inali pa tsindwi, yakuda bii ndi utsi, kudikira mvula. Ndipo inu mukudziwa, mvula yobzalira sibwera kawiri. Ukaiphonya waphonya chaka, ndipo khanda lobadwira m'njala silichedwa kubwerera kumene lachokera.

M'mawa wina ali m'mundamo, khasu lili m'mwamba, anangomva, "Iwe! Ponya khasulo pansi!"

Potembenuka anaona amesenjala awiri a ku Boma, wina mfuti paphewa, wina chikoti cha mvuu m'manja. Kumbuyo kwawo kunali amuna khumi ndi mmodzi amene anawatola m'minda ina. Pakati pawo panali msuweni wake Pondani, ali khuma ngati nkhuku yonyowa.

"Tikupita kuti, achimwene?" anafunsa Dzimbiri.

"Kukanyamula bwana."

"Ogo! Wamwalira liti?"

"Ali moyo, chitsiru iwe."

"Ndiye wadwala chiyani?"

Funso limenelo linayankhidwa ndi chikoti. Thyapu!

Musamuseke Dzimbiri. Kwawoko munthu wamkulu wa ndevu zake ankanyamulidwa pa zifukwa ziwiri basi: akafa, kapena akadwala mwakayakaya. Chifukwa chachitatu kunalibe. Ndiye atamva kuti bwanayo ali moyo, anadziwiratu kuti akukathandiza matenda. Ndipo pa matenda munthu sukana.

Mzunguyo anakamupeza pa msasa m'mbali mwa njira. Anthu ankamutcha Chisoti, chifukwa chisoti chake chinali chachikulu kuposa lichero, choti mvula itagwa mbuzi zitatu zikanausa m'munsi mwake. Machira ake anali chinsalu cholimba chomangirira ku nsungwi yaitali, yonenepa ngati ntchafu. Amuna awiri kutsogolo, awiri kumbuyo, enawo kuthamanga m'mbali kudikira kusinthana. Woyang'anira ulendo anali kapitawo Jekete, amene ankavala jekete ya ubweya dzuwa likuswa mtengo, thukuta lili kamukamu, koma kuvula ayi, kuopa kufanana ndi anthu wamba.

"Tamverani!" anatero Jekete. "Bwana sayenda pansi. Mukamugwetsa, mwagwetsa Boma."

"Sayenda pansi," Dzimbiri anabwereza chapansipansi, chisoni chitamugwira. "Mwana wa eni ake, kutali ndi kwawo."

Ndipo zizindikiro zinalipo, abale anga. Miyendo yonse iwiri inali yokulungidwa nsalu kuyambira m'kakolo mpaka m'bondo, mmene timamangira chilonda chokana kupola. Ife lero tikudziwa kuti kanali kavalidwe chabe, koma Dzimbiri akanadziwira kuti? Nkhope inali psuu ngati ya wamalungo. M'mawa uliwonse ankameza mankhwala owawa, tsinya lili pamphumi. Akatsika pa machira, mapazi atatu okha, ndodo ili m'manja, n'kudziponya pa mpando wopinda. Pa mtsinje, ngakhale madzi olekeza m'kakolo, ankachita kumubereka kumsana. Tsiku lina Dzimbiri anasuzumira kuseri kwa tenti, n'kuona mapazi a bwana ali m'beseni la madzi ofunda, oyera mbee ngati mbozi za m'chipika.

"Msuweni," ananong'oneza Pondani, "ndawaona ndi maso angawa. Mulibe magazi. Munthu uyu mwezi wa mawa sauona."

"Ndiye bwanji akulemera ngati ng'ombe yofula?"

"Odwala amalemera."

"Nanga nkhuku ziwiri pa tsiku akumaliza ndani?"

"Si iye akudya. Ndi matendawo."

Ulendo unali wothamanga okhaokha. Wodwala ali gada m'machira, kaliwo pakamwa, kufuula ngati m'mphuno mwalowa nyemba: "Nyamuuula! Musanga musanga! Iwe ulesi kwambili!" Amuna phazi phazi, phiri kukwera, phiri kutsika, mapewa kusupuka. Dzimbiri sanakwiye. Ankadziwa kuti munthu akamva kuwawa pakamwa pamaipa.

Chimene chinkamuzunguza mutu ndi ntchito imene wodwalayu ankagwira. Akayenda pang'ono ankalamula kuti aime. Ankasuzumira m'kachitsulo ka miyendo itatu, kulemba m'buku, kenaka n'kulamula kuti akumbe dzenje aimikemo mwala wopaka laimu.

"Akapitawo," anafunsa Dzimbiri, "mwala uwu ndi manda a ndani?"

"Si manda. Kuchokera pa mwala uwu mpaka phiri ilo ndi munda wa anzake a bwana."

"Nanga midzi ili m'katimu?"

"Ili m'munda wa eni ake tsopano. Azigwira thangata."

"Eni midziwo auzidwa?"

"Mwalawo uwauza."

Dzimbiri anakanda m'mutu. "Anzake a bwanawo, miyendo ili bwino?"

"Onse ndi a pa machira."

"Kalanga ine, mtundu wonse wodwala! Ndiye munda waukulu chonchi alima ndi chiyani?"

"Ndi iwe," anatero Jekete, n'kumuloza ndi chikwapu.

Tsiku lachisanu ndi chinayi mitambo inada bii cha kwawo. Mphepo inabwera ndi fungo la dothi lonyowa. Amuna khumi ndi awiri aja analeka nyimbo yonyamulira. Aliyense ankaona munda wake m'maso. Dzimbiri ankaona Nagama ataima pakhomo, dzanja limodzi m'chiuno, akuyang'ana mbewu pa tsindwi pamene iye sakanatha kukwera.

Masana ake Dzimbiri ndi Pondani anawatuma kukatunga madzi. Atafika ku mtsinje Pondani anaika chitini pansi.

"Msuweni, njira ndi iyi. Palibe akutiona. Masiku anayi tili kwathu, lachisanu mbewu ili m'nthaka."

Dzimbiri anayang'ana njirayo nthawi yaitali. Miyendo inkafuna ndithu. Koma anapukusa mutu.

"Kutaya wodwala m'tchire? Kwathu zinachitikapo liti? Akafera muno, mzimu wake utsata ndani? Ndipo mzimu wa mzungu ukakugwira pakhosi, uupepesa m'chilankhulo chanji?"

"Iwe ndiwe mbuzi ya mano kunsi."

"Mbuzi ndiwe, mkazi wako anakulola chifukwa cha chisoni. Tamvera. Njira ilipo imodzi. Timupatse mankhwala. Akaimirira yekha, ntchito yathu yatha, tipita kwathu opanda mlandu."

Pondani anatukwana, koma anatola chitini chake. Nayenso mzimu wa mzungu sankaufuna.

Dzimbiri anali atatumikirapo amalume ake a zitsamba, ndiye mizu ankaidziwako. Anakumba mizu isanu ya nyamakazi, anaisinja pa mwala, n'kusakaniza ndi mafuta a nsatsi. Tsiku lotsatira, pa nthawi yopuma masana, bwana ali m'tulo pa mpando, chisoti chili kumaso, Dzimbiri anakwawa mwaulemu, anagwada, anaomba m'manja pang'onopang'ono kupempha chilolezo kwa matenda, n'kuyamba kumasula nsalu ya mwendo wa kumanja.

Abale, theche limene linatuluka pamenepo! Dzimbiri anauluka ngati nkhwali, kudutsa pamwamba pa wophika, kudutsa pamwamba pa mapoto, n'kukatera m'chitsamba cha minga. Ena amati ali m'malere anaona denga la nyumba yake, koma zimenezo ine sindingalumbire.

Pondani anabwera kudzamuzula minga. "Nanga bwanji, asing'anga?"

"Msuweni," anatero Dzimbiri maso akuwala, "mankhwala awa ndi oopsa. Agwira ntchito ndisanapake n'komwe! Tangoganiza ndikapaka."

Anapita masiku ena atatu. Mvula inagwa kawiri. M'midzi imene ankadutsa, amayi anali kalikiliki kubzala okha, ana kumbuyo, chifukwa amuna awo nawonso anali atatoledwa. Dzimbiri akawaona ankatembenuzira nkhope kumbali.

Ndiye linafika tsiku la mlambe. Dzuwa lili paliwombo, bwana analoza mlambe waukulu pafupi ndi khwawa, nati chakudya adyera pamenepo. Dzimbiri, mwa chizolowezi chake, anali atayang'ana kale m'mwamba.

"Akapitawo, m'phangamo muli njuchi. Moto tikasonkhe uko."

"Bwana wasankha mthunzi uno."

"Njuchizo zauzidwa?"

"Khala chete! Njuchi zonse za m'dziko muno ndi za Boma."

Wophika anasonkha moto. Nkhuni zinali zonyowa. Utsi unakwera tolo, molunjika ku phanga, ngati wochita kutumidwa. Poyamba kunamveka ngati mvula ikubwera chapatali. Kenaka kumwamba kunada.

Aliyense anaona msana wa njira. Wophika anavala poto kumutu. Mesenjala wa mfuti anataya mfutiyo n'kulowetsa mutu m'una wa njiri, matako ali panja, njuchi n'kumalandira malipiro awo pamenepo. Jekete kwa nthawi yoyamba anavula jekete. Dzimbiri anathamanga mapazi khumi, n'kukumbuka: wodwala! Wodwala watsala pa mpando! Anatembenuka kuti akamubereke.

Pa mpando panalibe munthu.

Chinthu china chinangomudutsa, pyoo, mphepo yake mpaka kumugwetsa. Anali Bwana Chisoti, liwiro la mtondo wadooka. Ndodo kaya inatsala kuti. Mawondo ankafika m'chibwano. Anapitirira Pondani, amene kwawo ankagwira gwape ndi manja. Anapitirira ngakhale galu wake amene anabwera naye pa ulendowo, galuyo n'kuima kudabwa. Anafika pa khwawa, lotakasuka ngati kuchokera pano kukafika apo, anangoti jowu, tsidya. Anakwera chulu, anatsika chulu, analumpha chipika, n'kukadziponya m'dziwe, phava! Kunja kunangotsala mphuno.

Dzimbiri anaima njo pakati pa njuchi. Zinamuluma pakhutu, sanamve. Zinamuluma pamlomo, sanamve. Ankangoyang'ana mapazi amene anadindika m'matope m'mbali mwa khwawa. Anapita pomwepo, anagwada, n'kuyeza ndi dzanja kutalika kwa kulumphako. Iye mwini, ndi miyendo yake yabwinobwino, sakanafika ngakhale pakati.

Poyamba mtima unati, mizu ija. Koma Dzimbiri anali atasamalirapo odwala. Wodzuka pa mphasa amayamba ndi kudzandira, kugwira khoma, kupuma. Salumpha khwawa. Akatumba a m'miyendo amene anawaona akuvina m'kati mwa nsalu zija sanamere lero. Analipo dzulo. Analipo tsiku la theche. Analipo tsiku limene Pondani anamuonetsa njira ya kwawo iye n'kukana.

"Ndiye kuti," analankhula yekha, mlomo utatupa ngati chikho, "chifukwa chachitatu chilipo. Munthu atha kunyamulidwa chifukwa choti wapeza omunyamula."

Anakhala pansi pang'ono, chifukwa nzeru imeneyo inali yolemera kuposa bwanayo.

Njuchi zitabwerera kwawo, anthu anayamba kutuluka m'tchire mmodzimmodzi, wina diso latsekeka, wina khutu ngati chikhatho. Anamupeza Dzimbiri ataima pa machira, nkhwangwa ya wophika ili m'manja.

Tsono kwawoko kunali mwambo. Wodwala akaimirira n'kuyenda yekha, chimene ankamunyamulira sichisungidwa. Amachithyola n'kuchitaya m'madzi oyenda, chifukwa kuchisunga ndi kuitana matenda kuti abwerere. Aliyense pa gulupo ankaudziwa mwambowo.

Dzimbiri anakweza mawu, anaika dzanja pakamwa n'kululutira ngati mayi wa pa chinamwali.

"Lululululu! Abale, matenda atha! Mwadzionera nokha! Mwana wa eni ake wayenda!"

Go! Nsungwi pakati. Go! Go! Zidutswa zinayi. Chinsalu anaching'amba kuchokera kumutu mpaka kumiyendo, anakulunga zonse pamodzi, n'kuponya m'khwawa mmene madzi a mvula ankathamanga. Zinapita zikuzungulira.

"Wachita chiyani!" anakuwa Jekete, akuyang'ana ndi diso limodzi lotsala. "Wapha Boma!"

"Ndatsata mwambo, akapitawo. Kapena inu mukufuna bwana adwalenso? Nenani pamaso pa anthu."

Jekete anatembenuka n'kupita kukafunafuna jekete yake.

"Tiyeni kwathu," anatero Dzimbiri kwa anzake. "Tinabwera chifukwa cha matenda. Matenda kulibe. Mvula ikutisiya."

Palibe anasuntha. Onse ankayang'ana ku dziwe kumene mphuno ija inali ikadali panja.

"Mudzi wathu akuudziwa, msuweni," anatero Pondani chapansipansi. "Adzatentha nyumba."

"Nyumba timamanga chilimwe chilichonse. Tiye."

Pondani anayang'ana pansi.

Dzimbiri ananyamuka yekha. Mesenjala wa mfuti anali asanapeze mfuti yake, ndipo ngakhale akanaipeza, maso onse awiri anali atatsekeka. Palibe anamutsata. Atakwera kaphiri ka kutsidya anamva phokoso kumbuyo. Go. Go. Go. Nthenda yake ija inamugwira, anatembenuka kuti aone. M'munsimo, m'mbali mwa khwawa, anzake anali pa phata la nsungwi, akusankha yonenepa. Ena anali atayamba kale kusoka matumba kuti alowe m'malo mwa chinsalu chija. Bwana anali akadali m'madzi. Anali asanalamule kanthu.

Anayenda masiku anayi. Anapeza Nagama atabzala kachigawo kakang'ono chokwawa, ndi mbewu imene mnansi anamutsitsira. Dzimbiri sanalowe n'komwe m'nyumba. Anatola khasu pamene analiponya paja, analima, anabzala, mvula yobzalira ili kumchira kwenikweni. Chimanga chinamera.

Amesenjala anabwera ndithu, patapita mwezi. Nyumba anatentha. Dzimbiri anamugoneka pa bwalo n'kumukwapula zikoti khumi ndi ziwiri, zipsera zake anapita nazo kumanda. Iye ali chigonere anafunsa womukwapulayo ngati chikoticho ndi cha mvuu yaimuna kapena yaikazi, ndipo anamuonjezera ziwiri. Koma chimanga chinali chitafika m'mawondo, ndipo chimanga chachiwisi sichigwira moto. Mwana anabadwira m'chisakasa, n'kukula akudya.

Pondani ndi anzake anabwerera kwawo chimanga cha anthu chitamasula ngayaye. Anabwera ndi kansalu ka mikono iwiri, kamchere ka m'chikhatho, ndi phewa lotupa ngati linunda la ng'ombe. M'minda yawo udzu unali wobisa munthu. Chaka chimenecho Pondani anadya kwa msuweni wake, akupalira m'munda wa Dzimbiri kuti apatsidwe dengu la chimanga.

Tsiku lina ali pa mzere umodzi, Dzimbiri analephera kupirira.

"Msuweni, pali chinthu chimandisowetsa mtendere. Sindikukunyoza ayi, ndikungofuna kudziwa. Nsungwi yachiwiri ija anakutumani ndani?"

Pondani anapalira mapando atatu. Kenaka anaimika khasu.

"Palibe."

"Nanga munaiduliranji?"

"Phewa litapepuka," anatero Pondani, "ndinachita mantha."

Fanizo lathera pamenepo, abale anga. Ine sukulu ndinalekezera panjira, za mbiri yakale akuuzani ophunzira. Chimene ndikudziwa n'chakuti anthu aja anabwera ndi mfuti, inde, ndipo mfuti si nthabwala. Pondani sindimuseka, ine ndemwe kaya ndikanatani. Koma mfuti yokha sinyamula munthu kukwera naye phiri. Anatikwera pa ulemu wathu, pa chisoni chathu, pa mwambo wathu wosataya mlendo m'tchire. Zabwino zathu zomwe ndizo anapota chingwe.

Eni machira aja anapita kwawo, amatero. Chabwino. Koma inu mukamabwerera kunyumba lero, tagwirani paphewa panu. Ngati pali nsungwi, musayambe ndi kulira. Yambani ngati Dzimbiri: suzumirani m'chinsalumo, muone amene wagonamo, mufunse kuti wadwala chiyani. Mukapeza kuti akudwaladi, munyamuleni, ndi m'bale wanu. Koma mukapeza kuti miyendo ili bwinobwino, nkhwangwa muli nayo m'manja. Zatsala kwa inu kuti mudula nsungwi iti, imene ili paphewa kapena yatsopano ya ku khwawa.